Zotsatira za magazi a mwana zisamagone m'njira

Ife alangizi a zaumoyo amene timagwira ntchito m'midzi tili ndi funso limodzi limene timaliopa. Mayi amabwera kusikelo mwana ali kumsana, nkutikokera pambali kuti anzake asamve, kenako nkufunsa motsitsa mawu: "Adokotala, zija zabwera?" Nthawi zambiri yankho lathu limakhala lakuti, "Pepani mayi, mudzafunsenso mwezi wamawa." Ena amabweradi mwezi wamawawo. Ena sitiwaonanso.

"Zija" ndi zotsatira za magazi a mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi kachirombo ka HIV. Ambiri amadabwa chifukwa chimene munthu wamkulu amamvera zotsatira zake pakangopita mphindi zochepa, koma za khanda zimatenga masabata. Chifukwa chake nchakuti kachipangizo koyezera akuluakulu sikaona kachirombo kenikeniko, kamangoona asilikali amene thupi lapanga polimbana nako. Tsono khanda limabadwa ndi asilikali a mayi ake, ndipo amatha kukhala m'magazi mwake mpaka miyezi 18, ngakhale mwanayo alibe kachirombo. Kuti tidziwe zoona, pafunika kufufuza chibadwa cha kachirombo kenikeniko, chimene akatswiri amachitcha DNA kapena RNA. Nchifukwa chake pa masabata 6 timabaya mwana kuchidendene, kudontheza magazi pa kapepala, kuumitsa, nkutumiza pa njinga yamoto ku labotale yaikulu.

Kudikira kumeneku sikopanda ngozi. Mwa ana amene atenga kachirombo ndipo sakulandira mankhwala, pafupifupi theka amamwalira asanakwanitse zaka ziwiri, ndipo imfa zambiri zimachitika mwana ali ndi miyezi iwiri kapena itatu yokha. Kafukufuku wa CHER amene adachitika ku Soweto ndi ku Cape Town, zotsatira zake zidatuluka mu 2008, adaonetsa kuti kuyambitsa makanda ma ARV msanga kumachepetsa imfa ndi 76 peresenti. Ndiye kuti kapepala kakagona mwezi wathunthu m'njira, kamadya nthawi yeniyeni imene mwanayo amafunika thandizo.

Zinthu zasinthako, tisabise. Makina monga GeneXpert, amene tidayamba kuwadziwa poyeza TB, komanso m-PIMA, amatha kupereka zotsatira za khanda tsiku lomwelo, ndipo mu 2021 bungwe la WHO lidalimbikitsa kuti makanda aziyezedwa motero. Zipatala zina kuno ku Malawi zili nawo. Koma ndi okwera mtengo, katiriji iliyonse imagwira ntchito kamodzi kokha, ndipo akaonongeka wokonza amachokera kutali. Chipatala chaching'ono chokhala ndi sola imodzi ya firiji ya katemera sichiyembekezera kuwalandira posachedwa.

Nchifukwa chake tikuti maso athu akhale pa njira ina imene akatswiri akuigwirira ntchito m'mayunivesite a m'maiko ambiri: kuyeza chibadwa cha tizirombo pogwiritsa ntchito mphamvu ya magetsi. Musaganize kuti ndi zachilendo kwambiri. Aliyense amene adaonapo wodwala shuga akudontheza magazi pa kapepala nkukalowetsa m'kamakina ka m'manja, waona kale m'bale wake wa njira imeneyi. Nzeruyo idayamba ndi Leland Clark wa ku America mu 1962. Pa kapepala kaja pamakhala mankhwala amene akakumana ndi shuga amatulutsa magetsi ochepa kwambiri, ndipo kamakinako kamawawerenga nkuonetsa nambala.

Poyeza HIV nzeru yake ndi yomweyo, kungoti msampha wake ndi wina. Chibadwa cha kachirombo chili ngati ulusi wautali wolembedwa ndi zilembo zinayi zokha, ndipo ulusi umodzi umagwirana ndi unzake pokhapokha zilembozo zikayenderana, monga mmene mbali ziwiri za zipi zimalumirana. Akatswiri amamata tiulusi tatifupi pa kachitsulo ka golide kapena ka kaboni, tiulusi topangidwa kuti tigwire ulusi wa HIV wokha. Magazi akakhala ndi kachirombo, ulusi wake umakodwa, ndipo kayendedwe ka magetsi pa kachitsulo kaja kamasintha. Ulusi ukakodwa wambiri, kusinthako kumakulanso. Choncho chipangizo chomwecho chingathe kunena ngati kachirombo kalipo, komanso kuchuluka kwake, zimene ndi zofunika kwa akuluakulu amene ali pa ma ARV ndipo amayezetsa vairo lodi. Sipafunika magalasi ndi nyali zapadera zimene zili m'makina aakulu aja. Batire laling'ono ndi lokwanira kuwerengera.

Koma tiyeni tinene zoona, chifukwa ife a m'midzi talonjezedwa zambiri. Njira imeneyi ikugwira kale ntchito m'zipatala zina za kunja poyeza tizirombo ta chifuwa ndi chimfine, m'makina otchedwa ePlex, koma pa HIV zambiri zidakali zoyeserera mu labotale. Shuga m'magazi ndi wambiri, pamene chibadwa cha kachirombo chimakhala chochepetsetsa moti kawirikawiri chimayenera kuchulukitsidwa kaye, ndipo zimenezi zimafuna kutenthetsa. Magazi alinso ndi zinthu zina zimene zimamatirira pa kachitsulo nkusokoneza kuwerenga. Kulakwitsa pano si nkhani yamasewera: kuuza mayi kuti mwana wake alibe kachirombo pamene ali nako, kapena kumuyambitsa mankhwala a moyo wonse mwana amene alibe.

Pempho lathu kwa opanga zipangizozi ndi kwa amene amapereka ndalama ndi lakuti azidzaziyesera kuno, m'chipinda cha malata mwezi wa Okutobala, fumbi likulowa pazenera, mlangizi wa Fomu 4 ndiye akugwira. Atiuze mtengo wa kapepala kamodzi, osati wa makina okha. Tidaona tonse mu Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake, mmene ntchito zodalira thumba la ena zimagwedezekera. Chipangizo chimene boma lathu silingakwanitse kuguliranso timapepala take chidzathera m'kabati, pafupi ndi zinzake zimene tikuzidziwa.

Pakadali pano njira imene ilipo ndi ya kapepala kouma ndi makina ochepa aja, ndipo imagwira ntchito ngati mwana wabwera. Amayi, masabata 6 akakwana bweretsani mwana, ndipo funsani ngati chipatala cha pafupi chili ndi makina opereka zotsatira tsiku lomwelo. Mwana amayezedwanso pa miyezi 12 ndi 24, chifukwa kachirombo kangathe kulowa nthawi yoyamwitsa. Abambo, ndalama ya kabaza ya tsiku limenelo ndi yanu. Ifenso alangizi tili ndi mbali yathu: chaka chatha tidapeza zotsatira za mwana wina zitakhala masabata atatu mu envelopu pa tebulo, aliyense akuyesa kuti mnzake wakawauza kale makolo. Mudzi wake unali wa mphindi 40 zokha pa njinga.