Wolakwa Ndani pa Phiri la Blackwood?

Aphunzitsi ambiri akamva za masewero oopsa a pa kanema amangoti ndi magazi okhaokha. Ife tikuti ayambe aona. Masewero a Until Dawn, amene kampani ya Supermassive Games ya ku England inatulutsa m'chaka cha 2015, akunena za anyamata ndi asungwana 8 osowa kothawira usiku pa phiri la Blackwood. Wosewera ndiye amawasankhira zochita: kuthamanga kapena kubisala, kupulumutsa mnzawo kapena kumsiya. Pofika m'bandakucha onse angathe kupulumuka, onsenso angathe kufa.

Chotikondweretsa n'chakuti makinawo amasunga chosankha chilichonse nthawi yomweyo; kubwerera m'mbuyo kulibe kufikira nkhani itatha. Tsono mwana amene m'kalasi amalephera kufotokoza chimene chagwetsa mpangankhani m'tsoka, pano achidziwa bwino, pakuti wamgwetsa ndi iye mwini.

Komabe tisanyengedwe. Mathero 186 amene kampani yomweyo imanyadira m'masewero a The Quarry, a m'chaka cha 2022, analembedwa kale ndi anthu ena. Wosewera amangosankha khomo lolowera. Ndiponso zoopsazo n'zoopsadi: ku Ulaya Until Dawn anaiika m'gulu la azaka 18, choncho sitingaipereke kwa ana a Fomu 1.