Tiyi wa m'paketi anatsala pang'ono kutiphera mwana

Abale anga a kuno kumudzi ndi inu a m'tauni, lero ndiyankhula, wokwiya akwiye.

Sabata yatha mdzukulu wanga anatentha thupi usiku. Mpongozi wanga m'malo mothamanga naye kuchipatala anamuwiritsira masamba a m'paketi amene achemwali ake anatumiza kuchokera ku Lilongwe. Ati mankhwala a ku China, amachiza malungo, shuga, BP, zonse. Masiku awiri mwana akumwa zimenezo. Tsiku lachitatu anayamba kukomoka, ndiye tinakwera naye njinga yamoto m'mapiri muno mpaka kuchipatala. Atamuyeza, malungo. Anachira, koma adokotala anatikalipira, ndipo ine ndinangoti zoona bwana.

Musandimve molakwa, ine zitsamba sindinyoza. Chammwamba ndili nacho kuseri kwa nyumba, chimfine chikandigwira ndimamwa jinja ndi mandimu. Komanso LA amene tikulandira kuchipatala kuyambira 2007 uja gwero lake ndi chitsamba cha ku China komweko, dzina lake Artemisia. Mayi wina wa kumeneko, Tu Youyou, ndi amene anapeza mphamvu ya m'masamba ake, mpaka anamupatsa mphoto ya Nobel mu 2015.

Ndiye ena mukuti, si chimodzimodzi nanga? Ayi! Mu LA mphamvu ija anaiyeza, anaiphatikiza ndi mankhwala ena, ndipo amapereka molingana ndi sikelo ya mwana, kawiri pa tsiku masiku atatu. Nanga mu kapu ya tiyi wanuyo muli mphamvu yochuluka bwanji? Ndani anayeza? Ife alimi tikudziwa, ukasungunula mankhwala opopera ndi madzi ambiri, mbozi sizifa, zimangoledzera, mawa zadzuka zikudyanso chimanga. Tizilombo ta malungo n'chimodzimodzi, ndipo tikazolowera ndiye kuti LA yemweyo adzasiya kugwira ntchito ngati mmene anathera kolokwini ndi Fansida. Akuluakulu mukukumbukira. N'chifukwa chake a WHO amakana zochiza malungo ndi tiyi wa Artemisia.

Paketi ija zolemba zake n'za Chitchaina zokhazokha, ngakhale aphunzitsi athu alephera kuwerenga. Mwina si Artemisia n'komwe, eti.

Inu a m'tauni, ngati mumatikondadi, ndalama ya paketiyo tumizani pa foni. Mwana akatentha thupi tizilipira njinga yamoto usiku womwewo. Mpongozi ndakhala naye pansi, sindinamukalipire, iye anangokhulupirira achemwali ake. Paketi yotsalayo ili ndi ine, amene anatumiza adzaitenge akabwera pa Khirisimasi.