Tizipangizo ta m'thumba toyesa chitetezo cha Wi-Fi: kodi Chikwawa ide nkhawa?

Pa Nchalo, pa Ngabu ngakhalenso pa boma la Chikwawa, Wi-Fi yafika m'malo ogona alendo ndi m'maofesi a mabungwe. Si zachilendo kupeza mawu achinsinsi olowera atamatidwa pakhoma, ndipo pamatha miyezi asanasinthidwe.

Kufooka kotereku ndi kumene tizipangizo tokwana m'thumba timafufuza. WiFi Pineapple, ya kampani ya Hak5 ya ku America, imatha kudzionetsa ngati netiweki yomwe foni inazolowera, foniyo n'kulumikizika mwini wake osadziwa. Flipper Zero, yomwe inatchuka mu 2020, imawerenga makadi ena otsegulira zitseko komanso kukopera mauthenga a marimoti. Akatswiri amalembedwa ntchito yothyola dala mpanda wa kampani ndi zida zimenezi kuti aone potulukira mbuzi. Tsoka lake, m'manja mwa wakuba chidacho chimagwira ntchito chimodzimodzi.

Dziko la Brazil linayamba kulanda Flipper Zero mu 2023. Canada inalengeza mu February 2024 kuti iletsa chidachi, koma pambuyo pake inafewetsa maganizo. Mwezi womwewo, Lazarus Chakwera, yemwe anali mtsogoleri wa dziko lino, anauza Nyumba ya Malamulo kuti achiwembu anathyola makina opangira ziphaso zoyendera ndipo akufuna dipo. Palibe ananena kuti tizipangizoti tinakhudzidwa, koma nkhaniyo inaonetsa kuti ngakhale mpanda wa boma uli ndi mipata.

Komabe mantha asapose msinkhu wa vuto. Mlimi wa thonje ku Ngabu kapena mayi wolandira Mtukula Pakhomo amatumiza ndalama poimba *211# kapena *444#, njira yosadutsa pa Wi-Fi. Amene amamubera ndi munthu wa lilime lokoma, woimba foni n'kumunyengerera kuti aulule nambala yake yachinsinsi. Chiopsezo chenicheni cha zidazi chili m'maofesi. Chitachitika chimphepo cha Freddy mu March 2023, mabungwe othandiza anthu analemba maina ndi manambala a foni a mabanja ambirimbiri a m'Chigwa cha Shire. Mndandanda wotere ukagwa m'manja olakwika, woimba foni uja amadziwa woti amuimbire, dzina lake ndi mudzi wake womwe.

Lamulo lilipo. La 2016 loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti limaletsa kulowa m'makina a wina popanda chilolezo, ndipo linakhazikitsa nthambi ya Malawi CERT pansi pa MACRA. La 2024 loteteza zinsinsi za anthu limalamula osunga mbiri za ena kuti azizitchinjiriza. Kuletsa zidazi kungamange manja akatswiri ochepa amene dziko lino lili nawo, pamene wakuba angachite zambiri mwa izi ndi laputopu wamba. Chofunika n'chakuti khonsolo, chipatala ndi mabungwe a m'bomali aziitana woyesa chitetezo pa mgwirizano wolembedwa, ndipo Wi-Fi ya alendo ilekanitsidwe ndi ya makompyuta osunga maina a anthu.