Masewera Amakoma ndi Anthu Ake

Msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsekedwa, zigafa zili mbee, mlimi wa kuno ku Kasungu amapeza chinthu chimene amachisowa chaka chonse, ndicho nthawi. Kuyambira pofesa nazale, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka, kusankha mpaka kudinda mabelo pajeke, munthu sapuma. Koma m'masabata ochepa a pakati pa belo lomaliza ndi nazale yatsopano, funso limabwera: kodi madzulo ano ndikacheza ndi ndani? Funsoli limaoneka laling'ono, koma alipo mabanja amene anapasuka chifukwa bambo analiyankha molakwika.

Pitani pa Santhe, pa Chamama, pa Nkhamenya kapena pa Mtunthama dzuwa likapendeka. Simulephera kupeza abambo ataunjikana pakhonde la sitolo kapena pansi pa mtengo wa mango, maso ali pabawo. Thabwa lake ndi limodzimodzi paliponse: mizere inayi, maenje 32, nkhomo 64. Komabe pabwalo lina munthu amachokapo mtima uli myaa, pamene pabwalo lina amachokapo thumba litapepuka ndiponso atadana ndi mlamu wake. Chasiyanitsa si thabwa ayi, koma anthu olizungulira.

Vuto limeneli si lathu lokha. M'chaka cha 1974 ku America, Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa masewera otchedwa Dungeons & Dragons, amene lero afalikira m'mayiko ambiri. Anthu anayi kapena asanu amakhala mozungulira tebulo. Mmodzi ndiye mwini nthano: amafotokoza dziko, njira, adani ndi zoopsa za m'njiramo. Enawo aliyense amatenga munthu wake wa m'nthanomo, wina msilikali, wina sing'anga, wina wakuba, ndipo amanena zimene munthuyo achite. Akafuna kuchita chinthu chovuta, monga kulumpha chigwembe, amaponya dayisi, kawirikawiri ya mbali 20, kuti aone ngati zatheka. Palibe wopambana mnzake. Onse amamanga nthano imodzi, ndipo nthanoyo ikhoza kutenga miyezi, ngakhale zaka.

Kwa ife zimenezi si zachilendo kwenikweni. Tinakula ndi agogo akuti "Padangokhala," ife n'kumavomera kuti "Tili tonse." Tinakula ndi masanje, pamene wina ankakhala bambo, wina mayi, wina fisi. Ndipo dandaulo lalikulu la osewera masewera a pateboli ndi lomwe ankadandaula ana a kumasanje: buku la malamulo likhoza kugulidwa, koma gulu lokoma siligulidwa. Pali wina wofuna kuti nthano yonse ikhale ya iye yekha, wina wojomba tsiku lililonse, wina wokangana pa lamulo lililonse. N'chifukwa chake magulu ambiri amayamba akumana tsiku limodzi osasewera n'komwe, kungogwirizana za nthawi, malire ndi zimene aliyense akuyembekezera.

Nzeru imeneyo ndi yotithandiza. Musanakhazikike pabwalo lililonse, kaya la bawo, la drafuti kapena la nthano za patebulo, khalani kaye chapambali masiku awiri kapena atatu, muyang'ane zinthu zinayi.

Choyamba, anthuwa abwerera chiyani? Ena amafuna mpikisano weniweni, kuwerenga nkhomo mwakachetechete mpaka kudziwa kumene dzanja likathere lisanayambe n'komwe. Ena amafuna macheza, bawo n'chongoyambira nkhani za mtengo wa feteleza ndi mpira wa dzulo. Magulu onsewa ndi abwino, koma mukalowa losakuyenerani, mudzatopetsa anzanu ndipo nawonso adzakutopetsani. Wofuna kuganiza mozama asadabwe akamasokonezedwa ndi phwete la anthu amene anabwerera kudzaseka.

Chachiwiri, pali ndalama pathabwapo? Apa ndiye pagona nkhani. Zimayamba ngati nthabwala, woluza agule tiyi. Mawa lake ndi botolo. Sabata yamawa ndi ndalama yeniyeni, ndipo masewera asanduka njuga. Nyengo ino, pamene m'matumba muli kangachepe kochokera ku okushoni, alipo anthu amene amakuitanirani pampando chifukwa anamva kuti mabelo anu anayenda bwino. Ndalama ya fodya imabwera kamodzi pachaka, koma iyenera kugula feteleza, kulipira antchito ndi fizi ya ana, ndiponso kufikitsa banja mu Febuluwale. Gulu limene limakukondani muli ndi ndalama lidzakuiwalani nthawi ya gwang'wang'wa. Lamulo langa ndi lalifupi: ndalama ikafika pathabwa, ine ndanyamuka.

Chachitatu, mlendo ndi wophunzira amawatenga bwanji? Kasungu ndi boma la alendo. M'maesiteti muli anthu ochokera ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Machinga amene anabwera kudzagwira ntchito ya fodya. M'masukulu ndi m'zipatala za kumidzi muli aphunzitsi ndi anamwino amene anatumizidwa kutali ndi kwawo. Ambiri mwa iwo madzulo amangokhala okha ndi foni m'manja. Bwalo labwino limamusunthira mlendo malo, limamufunsa dzina, ndipo akalakwitsa potakata limamuonetsa m'malo momuseka. Onaninso ngati mwini esiteti akhoza kudyeredwa nkhomo ndi wantchito wake popanda mawa lake kukhala mlandu. Onani ngati mnyamata kapena mayi akafuna kusewera amapatsidwa mpata. Paja akuluakulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Bwalo lotsekera alendo limatha ndi maliro a eni ake.

Chachinayi, ali ndi nthawi yoyambira ndi yomalizira? Amayi ambiri sadana ndi bawo, amadana ndi mwamuna amene amachoka mamawa n'kubwera nsima itazizira, nazale isanathiriridwe. Gulu lodziwa kuti timakumana Lachitatu ndi Loweruka dzuwa likapepa, ndipo kukayamba mdima timabalalika, limakhalitsa, chifukwa silipikisana ndi munda kapena banja. Pamafunikanso munthu mmodzi womveredwa, wothetsa mkangano usanakule. Munthu wotero sasankhidwa chifukwa chodziwa kusewera kuposa onse, koma chifukwa chodziwa kumvetsera.

Nanga mukaona kuti gulu lanu lalephera pa zinayi zimenezi? Chokanipo mwaulemu. Simufunika kunyoza munthu kapena kuyambitsa chidani, pakuti anthu omwewo mudzakumana nawo kumaliro ndi kudambo. Koma musakakamire pamalo pokuwonongani chifukwa choopa kukhala nokha. Ndipo musathamangire magulu a pa WhatsApp ndi Facebook a anthu a ku Lilongwe kapena Johannesburg n'kuiwala oyandikana nawo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Anzanu osewera nawo mwina ali kutchalitchi kwanu, kumzikiti, kukalabu ya alimi kapena kubanki mkhonde, akungodikira wowaitana.

Kuyambitsa gulu sikulira chuma. Makolo athu ankakumba maenje pansi n'kutola timiyala, masewera n'kuyamba. Achinyamata ofuna kuyesa nthano za patebulo akhoza kuyamba ndi kope, pensulo ndi dayisi ya ludo. Safunikanso kubwereka zilombo za m'nthano za kunja. Mwini nthano anene kuti tili m'masiku a Mwase Kasungu, ulendo wanyamula katundu kupita ku Nkhotakota, mtsinje wa Bua wadzaza, kumbuyo kukumveka njovu, ndipo mmodzi mwa onyamula katundu wasowa usiku. Kenako afunse aliyense kuti, "Iwe uchita chiyani?" Mudzadabwa kuona mwana wamanyazi m'kalasi akutulutsa nzeru zowolotsa anzake.

Ena adzati munthu wamkulu kutaya inki pa nkhani ya masewera n'kusowa chochita. Koma amuna ambiri sanena za ngongole, matenda kapena mavuto a m'banja atakhala pamsonkhano. Amanena maso ali pathabwa, dzanja likugawa nkhomo, kwa munthu amene akhala naye moyang'anizana kwa zaka. Bwalo labwino ndi limene limazindikira kuti uje sanabwere masabata awiri, n'kutuma munthu kukamuona. Mwezi uno, nazale isanatitenge tonse, funani anthu atatu kapena anayi otero. Mukawapeza, asungeni bwino.