Kanema wa m'makutu ndi dola imodzi ya bambo DeMille

Anthu a m'midzi ya kumalire kuno akuudziwa bwino sopo wa Lux. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti sopo ameneyu anakhala zaka zoposa 20 akulipirira pulogalamu ya zisudzo pa wailesi ku Amereka, imene inkatengera mafilimu otchuka m'nyumba za anthu opanda ndalama kapena mpata wopita kukaonera kanema.

Pulogalamuyi inkatchedwa Lux Radio Theatre ndipo inayamba pa 14 Okutobala 1934 mumzinda wa New York. Poyamba ankasewera zisudzo za pabwalo, koma m'chaka cha 1936 eni ake, a kampani ya Lever Brothers, anaisamutsira ku Hollywood kumene kunali akatswiri a kanema. Sewero loyamba kumeneko linamveka pa 1 Juni 1936. Analitenga mufilimu ya Morocco, ndipo osewera ake anali Marlene Dietrich ndi Clark Gable. Kuyambira pamenepo, Lolemba lililonse madzulo anthu mamiliyoni ambiri ankakhala phee pafupi ndi wailesi kwa ola lathunthu.

Kusandutsa filimu kuti ikhale sewero la pawailesi inali ntchito yofuna nzeru. Nkhani ya ola limodzi ndi theka kapena maola awiri inkafupikitsidwa ndi kugawidwa patatu. Zimene maso amaona pa kanema zinayenera kulowa m'mawu, motero wolemba ankapatsa wosewera mawu oti womvera adziwe kuti uyu wanyamula mfuti, uyo watuluka panja. Panalinso amisiri a phokoso. Zikamba za kokonati zinkamveka ngati ziboda za hatchi, lata akaligwedeza linkakhala bingu, pepala la pulasitiki akalifinya linkathetheka ngati moto. Osewera ankaima pa maikolofoni mapepala ali m'manja, anthu oonerera atadzaza m'nyumba ya zisudzo, ndipo zonse zinkaulutsidwa nthawi yomweyo. Wina akaphonya mawu, dziko lonse linkamva.

Aliyense ankapindulapo. Akatswiri otchuka ankalandira mpaka madola 5,000 pa usiku umodzi. Eni mafilimu ankapeza mwayi wolengeza filimu zawo zatsopano. Eni sopo nawo ankasangalala kumva akazi otchuka a Hollywood akutamanda Lux pamapeto a sewero. Mwa njira imeneyi omvera anamva Casablanca mu 1944, It's a Wonderful Life mu 1947 ndi James Stewart, The Wizard of Oz pa Khirisimasi ya 1950 ndi Judy Garland, komanso The African Queen mu 1952 ndi Humphrey Bogart.

Amene ankatsegula ndi kutseka pulogalamuyi kuyambira 1936 anali bambo Cecil B. DeMille, mkulu wodziwika pokonza mafilimu. Mawu ake ankadziwika pafupifupi m'nyumba iliyonse, ndipo ntchito imeneyi inkamupatsa ndalama pafupifupi madola 100,000 pa chaka. Zonsezi anazitaya chifukwa cha dola imodzi.

Nkhani yake inali motere. M'chaka cha 1944 anthu a m'chigawo cha California anayenera kuponya voti pa lamulo lina lotchedwa Proposition 12. Lamulolo likanaloleza munthu kugwira ntchito ngakhale asali membala wa bungwe la apantchito. Bungwe la ogwira ntchito pa wailesi, la AFRA, linaona kuti lamulo lotere lilifooketsa, choncho linalamula membala aliyense kusonkha dola imodzi yolimbana nalo. Bambo DeMille anali membala, koma iye ankagwirizana ndi lamulolo. Anakana kwamtuwagalu kupereka ndalama yake kuti ikagwetse chinthu chimene iye mwini ankafuna kuchivotera.

A bungwe nawo anali ndi mfundo yawo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo wosewera wamng'ono sakanatha kukambirana yekha za malipiro ndi makampani akuluakulu. Iwo ankati chimene ambiri agwirizana, membala aliyense achitsate, wolemera ndi wosauka yemwe, pakuti akalola mmodzi kukana mawa akana khumi. Bambo DeMille ankati bungwe lili ndi mphamvu pa za ntchito, koma voti ya munthu ndi maganizo ake pa ndale ndi zake.

Lamulo lija linagwa pa chisankho cha Novembala 1944. Bungwe linaimitsa bambo DeMille, ndipo popeza munthu wosakhala membala sankaloledwa kugwira ntchito pa wailesi, iye anasiya pulogalamuyi mu Januwale 1945. Anakasuma ku makhoti koma mlandu sunamukomere. Sanabwererenso pa mpando wake uja, ngakhale kuti mu 1947 nyumba ya malamulo ya dzikolo inakhazikitsa lamulo la Taft-Hartley loletsa mchitidwe wolemba ntchito mamembala a bungwe okhaokha. Iye anapitiriza kukonza mafilimu, monga ya Samsoni ndi Delila ya 1949 ndi ya Malamulo Khumi ya 1956, ndipo anamwalira mu 1959. Pa wailesi malo ake anatenga William Keighley, kenaka Irving Cummings.

Mkangano wotere ndi wodziwika kwa aliyense amene analowapo m'gulu la alimi, m'komiti ya pachitsime kapena m'bungwe la pampingo. Tsiku lina gulu limagwirizana chopereka chimene wina sakugwirizana nacho. Akakana, anzake amati akupasula gulu. Akapereka, mtima umamuwawa. Gulu lanzeru limakambirana pachiyambi pomwe kuti ndalama zosonkha zizigwira ntchito yanji, ndipo za ndale za chipani limasiyira munthu aliyense payekha.

Chimene chinapha zisudzo zimenezi ndi wailesi ya kanema. Anthu atayamba kuona zithunzi m'nyumba zawo, makampani anasamutsira ndalama zawo kumeneko, ndipo Lux yomwe inatsegula pulogalamu ya pa wailesi ya kanema mu 1950. Sewero lomaliza la pawailesi linamveka pa 7 Juni 1955, atasewera zisudzo 926. Ku South Africa dzina lomweli linakhalitsa pa Springbok Radio, wailesi imene inatsegulidwa mu 1950 ndi kutsekedwa kumapeto kwa 1985.

Zambiri mwa zisudzo za ku Hollywood zija zinajambulidwa ndi kusungidwa, ndipo lero zimapezeka pa intaneti m'Chingerezi. Achinyamata amene amakonza masewero pa mawailesi a m'maboma angaphunziremo mmene anthu ochepa, maikolofoni ndi chidutswa cha lata zimakwanira kufotokoza nkhani yonse ya filimu kwa munthu amene ali kumudzi ndi kawailesi ka mabatire.