Zaka zisanu zimenezi azitenga kuti?

Ambiri a ife tidakhalapo pamwambo wopereka madigiri, kaya ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Bunda. Tidaona mayi atatchena chitenje chatsopano akuimba nthungululu mpaka mawu kusasa, bambo amene adagulitsa ng'ombe yomaliza akupukuta msozi mobisa. Chimene sitikonda kukamba ndi miyezi yotsatira. Gauni ikavulidwa, chithunzi chikapachikidwa pakhoma, mwana uja amayamba ulendo wa envulopu ya khaki, ofesi ndi ofesi, mpaka nsapato kutha chidendene. Chaka chimatha, china n'kutha. Ndipo ife omwe tidavina tsiku lija timayamba kunong'onezana: kaya ndi ulesi, kaya ndi kusankha ntchito, kaya amuchita chipongwe kumudzi.

Pa Mateyu 20 pali fanizo la mwini munda wa mphesa amene adapita kumsika kangapo tsiku limodzi kukafuna aganyu. Dzuwa litapendeka adapezabe ena ataimirira, ndipo atawafunsa chimene chidawakhalitsa chabe tsiku lonse, iwo adayankha kuti sadapeze wowalemba. Chimene chimatigwira mtima n'chakuti mwini mundayo sadakane yankho lawo. Sadawadzudzule, ndiponso sadawalangize kuti akadzilembe okha ntchito monga timachitira ife pamisonkhano ya achinyamata. Adawatumiza kumunda.

Abale ndi alongo, msika wathu wadzaza. Pamene University of Malawi inkatsegula zitseko zake mu 1965, wotuluka kumeneko ankachita kudikiridwa ndi ntchito. Yunivesite ya Mzuzu idayamba kuphunzitsa mu 1999, MUST ya ku Thyolo mu 2014, Bunda idakhala LUANAR, ndipo mu 2021 Polytechnic ndi sukulu za udotolo ndi unamwino zidaima pazokha kukhala MUBAS ndi KUHeS. Mipingo nayo sidatsale: University of Livingstonia idatsegulidwa mu 2003, ya Katolika ku Nguludi mu 2006, ndi zina zambiri pambuyo pake. Zonsezi n'zoyamika. Koma kalembera wa 2018 adapeza kuti tidalipo oposa 17.5 miliyoni, theka la ife ana osafika zaka 18. Makalasi tidawakuza, mafakitale ndi maofesi sadakule nawo.

Chodabwitsa n'chakuti olemba ntchito nawonso akudandaula. Mukacheza nawo amati anthu aluso akusowa. Tsegulani nyuzipepala muone zidziwitso zawo: pafupifupi chilichonse chili ndi mzere uja wakuti wofunsira akhale atagwirapo ntchitoyo zaka zitatu kapena zisanu. Mwana amene wavula gauni dzana, zaka zisanu zimenezi azitenga kuti?

Chimene chikuchitika n'chakuti makampani, mabanki ndi mabungwe akulimbirana anthu ochepa omwe omwewo: akauntanti wodziwa kale, katswiri wa makompyuta wodziwa kale, injiniya wodziwa kale. Uyu amamukopa ndi galimoto, winayo ndi nyumba, wachitatu ndi maalawansi, munthu mmodzi n'kusintha ofesi katatu pa zaka zochepa pamene mazana ali panja pa geti. Tonse tikuthamangira nkhuni zouma kale, wobzala mtengo palibe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anamwino athu atayamba kuthamangira ku Britain, tidalira kuti mayiko olemera akukolola posalima, mpaka boma ndi abwenzi ake adawonjezera malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi 52 peresenti mu 2005 kuti ena atsale. Lero mchitidwe womwewo tikuchitirana tokhatokha, ndipo sitiuona ngati cholakwa.

Tisawanamizire olemba ntchito, nawo ali pamoto. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama zakunja zakhala zikusowa, ndipo mu 2025 dziko la America litadula thandizo lodzera ku USAID, mabungwe ambiri adachotsa anthu. Ochotsedwawo, ndi zaka zawo khumi za luso, adabwerera pamzere womwe uja, watsopano n'kukankhidwira kumbuyo. Kuphunzitsa munthu ntchito kumadya ndalama ndi nthawi, ndipo ukamuphunzitsa, mnzako akhoza kumutenga. Izi n'zoona. Koma bwana aliyense amene lero akusaina chidziwitso cha zaka zisanu adali ndi tsiku lake loyamba. Alipo amene adamupirira pamene ankalakwitsa malipoti, alipo amene adamuonetsa podinda. Ngongole imeneyi sibwezedwa kwa amene adatithandiza, poti ambiri a iwo adapuma kapena adagona. Imabwezedwa kwa amene akugogoda lero.

Boma lidayesapo mu 2018 poyambitsa ndondomeko yotenga omaliza maphunziro kuti akaphunzire ntchito m'maofesi ake, ndipo ena idawatsegulira njira. Komabe tikudziwa kuti mawu akuti kuphunzira ntchito asanduka chobisalira cha olemba ena. Amatenga mwana, kumugwiritsa ntchito ya munthu wathunthu miyezi 12 pomupatsa ya minibasi yokha, nthawi ikatha n'kutenga wina. Amene amachita izi asadzitche wothandiza achinyamata. Wapeza wantchito waulere.

Pali zina zonyansa kuposa apa, zimene timazidziwa koma sitizitchula paguwa. Ntchito imene mwini wake adasankhidwa kale chidziwitso chisanatuluke, ena n'kubwereka ndalama ya ulendo kudzakhala pamafunso achinyengo. Envulopu yachiwiri imene imayenda pansi pa tebulo. Mtsikana amene amauzidwa kuti nkhani ya ntchito yake akaimalizire kumalo ogona alendo. Ochita zimenezi sachokera kumwezi. Ena timakhala nawo benchi limodzi, ena amatsogolera nyimbo, ena timawapatsa mpando wakutsogolo chifukwa chopereka chawo n'chonona.

Nanga amene timawatcha aulesi aja? Mu 2020, unduna wa zaumoyo utaitana anthu kumafunso a ntchito, kudakhamukira zikwizikwi moti ku Mzuzu ena adavulala popondana. Kumapeto kwa 2023 achinyamata athu adakwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel nkhondo ili mkati. Aphunzitsi ndi anamwino ophunzitsidwa bwino akhala akudikira kunyumba kwa zaka, makalasi ndi zipatala zili zodzaza. Waulesi sapita kumene kukulira mfuti kukafuna ganyu.

Sitikukana kuti wachinyamata ayenera kudzichepetsa, kuphunzira luso lamanja, kuyamba ndi chimene chilipo. Ambiri akutero kale, ndipo wa kabaza amene wakunyamulani m'mawa uno mwina ali ndi digiri m'chikwama. Koma uphungu umenewu taubwereza mokwanira, ndipo ndi wotsika mtengo kwa woupereka. Mipingo ili ndi sukulu, zipatala, mayunivesite, minda ndi maofesi a chitukuko. Ndife olemba ntchito, ndipo zidziwitso zathu sizisiyana ndi za ena onse.

Taganizani za komiti imene ikhale pansi mwezi uno kulemba chidziwitso cha ntchito ya wosunga mabuku a chuma pasukulu ya mishoni. Wina adzati tilembe zaka zisanu monga mwa nthawi zonse, onse n'kuvomera, poti nthawi yatha ndipo tiyi akuzizira. Mumpingo momwemo muli mtsikana amene adamaliza digiri ya zowerengera chuma zaka ziwiri zapitazo, yemwe amawerenga chopereka sabata ndi sabata mwaulere osasowetsa ngakhale tambala. Sitikunena kuti alembedwe chifukwa ndi wathu. Chimenecho ndi chibale chomwe tadandaula chija. Tikunena kuti mzere umodzi umenewo udzamuletsa ngakhale kuitanidwa kumafunso, iye pamodzi ndi anzake onse amene komitiyo sikuwadziwa maina.