Miyeso iwiri m'dziko limodzi

Lero tiyeni tilingalire limodzi za mtsutso wa ku Britain, pakuti funso lake likutikhudza tonse.

Kumeneko amayi oyembekezera amayezedwa magazi ndi kuunikidwa, kuti adziwe ngati mwana ali ndi Down syndrome. Lamulo la 1967, monga linasinthidwa mu 1990, limalola kuchotsa pakati mpaka masabata 24. Koma madokotala awiri akagwirizana kuti mwanayo angabadwe ndi ulumali waukulu, malirewo amachoka, kufikira nthawi yobadwa. Ku England, mwa amayi 10 ouzidwa kuti mwana ali ndi Down syndrome, pafupifupi 9 amachotsa.

Heidi Crowter, mayi wobadwa ndi Down syndrome, anakadandaula kukhoti kuti lamuloli ndi latsankho. Mlandu sunamukomere mu 2021, ngakhalenso pa apilo mu 2022. Omuchirikiza ena amafunsa kuti: lamulo likanaika malire osiyana potengera khungu la mwana, ndani akanakhala chete?

Inu mukuti bwanji? Ine ndikuti fanizoli likuyenera lamulo, koma silikuyenera mayi. Watsankho la khungu amanyoza mlendo amene sakumudziwa. Mayi amene walandira zotsatira za kuchipatala akulira mwana wake yemwe. Akuopa matenda a mtima amene ana ambiri otere amabadwa nawo, akuopanso za amene adzasamale mwanayo iye akadzatsikira kuli chete. Kumutcha watsankho ndi kuthira tsabola pachilonda.

Lamulo lokha ndilo lilibe pobisala. Dziko lomwelo, mu Equality Act ya 2010, linaletsa kusala munthu chifukwa cha khungu kapena ulumali. Nanga litetezeranji wobadwa ndi muyeso wina, wosabadwa ndi muyeso winanso? Tsankho lililonse limayamba pamene mphako imodzi yaweruza mtengo wonse.

Palinso pamene fanizoli likuperewera. Khungu munthu amabadwa nalo, koma akuluakulu anati lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Ngozi, sitiroko kapena ukalamba zingakulowetseni mawa m'gulu limene mukuliyeza lero.

Tsono musanaloze chala mayi uja, yang'anani makwerero a tchalitchi chanu. Kodi njinga ya wolumala ingalowe? Mwana wobisidwa kuchipinda alendo akafika, munamuyendera liti? Mayi akaona kuti mwana wotere ali ndi malo pakati pathu, mantha ake adzachepa.

Ambuye atipatse mtima wachifundo.